Sikelo Yonyenga ya Arthur Morgan

Kwathu ndi kunsi kwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, pafupi ndi mpata umene umalekanitsa phirili ndi phiri la Mulanje. Mu mpata umenewu muli mabwinja a linga la Fort Lister, malo amene ndinkapitako ndi ana asukulu pa zaka zoposa makumi atatu za uphunzitsi wanga. Ndinkayesa kuti palibenso chatsopano chimene mabwinjawo angandiuze. Koma mu Disembala 2023 ndinakakhala mwezi wathunthu ku Blantyre kwa mwana wanga wamkazi, ndipo kumeneko ndinaona chinthu chimene chandikakamiza kugwiranso cholembera ngakhale ndinapuma pantchito.

Mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka makumi awiri, madzulo alionse ankakhala patsogolo pa kanema kusewera amodzi mwa masewero amene achinyamata amawatcha magemu. Dzina la gemuyo ndi Red Dead Redemption 2, imene inapangidwa ndi kampani ya Rockstar Games ndipo inatuluka mu Okutobala 2018. Pofika chaka cha 2023 makope ake oposa 50 miliyoni anali atagulidwa pa dziko lonse lapansi, chiwerengero choposa kawiri anthu onse a m'Malawi. Poyamba ndinkangodutsa, kenaka ndinakoka mpando. Tsiku limene nkhaniyo inatha ndinaona mnyamatayo akupukuta misozi, nati: “Agogo, Arthur anali munthu wabwino.” Mawu amenewa ndiwo ndikufuna kutsutsa. Mlanduwu sindikuupereka kwa mwanayo, koma kwa amisiri amene anamuika mawuwo m'kamwa.

Kwa amene simunaone gemuyi, nkhani yake ili motere. Chaka ndi 1899, dziko ndi la America. Mwininkhani ndi Arthur Morgan, chigawenga cha m'gulu lotsogozedwa ndi Dutch van der Linde, amene anamulera kuyambira ali mnyamata. Gululi limaba m'masitima ndi m'mabanki, ndipo mmodzi mwa iwo, Leopold Strauss, amachita katapila pakati pa amphawi. Wokatolera ngongolezo ndi Arthur. Tsiku lina anapita kwa mlimi wodwala wotchedwa Thomas Downes, munthu amene ankaima m'tauni ya Valentine kupemphera osauka thandizo. Arthur anammenya koopsa chifukwa cha ngongole, ndipo mlimiyo anamkhosomolera magazi kumaso. Downes anamwalira posakhalitsa. Patapita nthawi dokotala wa mumzinda wa Saint Denis anauza Arthur kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Atadziwa kuti akufa anayamba kusintha: anapirikitsa Strauss pa msasa, anapatsa ndalama Edith, mkazi wamasiye wa Downes, ndi mwana wake Archie, ndipo pomaliza anathandiza mnzake John Marston kuthawa kuti akakhale ndi banja lake.

Sindikana kuti nkhaniyi inalukidwa mwaluso. Ndiponso sindikunena kuti mwininkhani aliyense azikhala woyera ngati ufa. Nthano zathu zomwe zili ndi kalulu, wabodza ndiponso wakuba, koma ana timamkonda. Munthu wa mitima iwiri ndiye amakometsa nkhani chifukwa ndi mmene tonse tilili. Chimene ndikutsutsa ndi momwe amisiriwa anakonzera bwalo la mlanduwu, kotero kuti chigamulo chinadziwika mboni zisanalankhule. Ndinaona njira zinayi zimene anagwiritsa ntchito.

Njira yoyamba ndi ya maso. M'kalasi timaphunzitsa kuti wowerenga afunse kuti mfotokozankhani ndani. M'buku, wowerenga amaima pambali n'kumaonerera. Mu gemu wosewera saima pambali konse: iyeyo ndiye amayendetsa miyendo ya Arthur, amamudyetsa, amammeta ndevu, amasisita hatchi yake, amawerenga kabuku kamene Arthur amalembamo zakukhosi ndi kujambulamo mbalame. Atachita zimenezi masiku ambiri, wosewerayo sangathenso kuweruza Arthur, pakuti kutero ndi kudziweruza yekha. Nanga anthu mazanamazana amene Arthur amawaombera m'njira? Iwo alibe kabuku, ambiri alibe ngakhale dzina. M'tauni ya Strawberry, Arthur anathyola ndende kuti atulutse mnzake Micah Bell, ndipo misewu inadzaza mitembo. Nkhani siitilowetsa m'nyumba ngakhale imodzi ya maliro amenewo. Ndinafunsa mdzukulu wanga kuti akazi a anthu aja anadya chiyani m'mawa mwake. Iye anaseka, nati: “Agogo, amenewo si anthu enieni.” Ndinamuyankha kuti Arthur nayenso si munthu weniweni, nanga misozi ija inali ya chiyani?

Njira yachiwiri ndiyo yandinyansa koposa. M'munsi mwa kanema mumaoneka kamzere kamene kamayeza ulemu wa Arthur. Akachita choipa kamzereko kamatsika, akachita chabwino kamakwera. Tsono tamverani zimene zimakweza ulemuwo: kupereka moni kwa odutsa m'njira, kubwezera m'madzi nsomba imene wawedza, kuwaza nkhuni pa msasa. Kotero munthu angathe kupha mwini sitolo m'mawa, masana n'kuyendayenda m'tauni akupereka moni kwa aliyense, pofika madzulo sikelo yabwerera pakati. Ngati apolisi akumfuna, amangopita ku positi ofesi kukalipira ndalama, basi mlandu watha. Ili ndi phunziro la masamu limene sindinaphunzitsepo mwana aliyense, lakuti moni wochuluka achotsa mtembo umodzi. Akuluakulu athu anati mlandu sagula ndi chipanda cha mowa. Pa bwalo la mfumu, amene waba mbuzi ya wina sangadziteteze ponena kuti dzulo anathandiza nkhalamba kusenza mtolo. Chabwino anachitira nkhalambayo n'chake cha nkhalambayo, koma mwini mbuzi akudikirabe mbuzi yake. Zabwino ndi zoipa si chimanga cha m'nkhokwe imodzi choti n'kuwonkhetsa ndi kuchotsera, popeza chilichonse chili ndi mwini wake.

Njira yachitatu ndi ya matenda ndi imfa. Chifuwa chachikulu ife timachidziwa, tagoneka nacho abale ambiri. Tikaona Arthur akuwonda, maso atafiira, mtima umagwa, ndipo n'zoyenera kutero. Koma taonani kumene chifundocho chalunjikitsidwa. Matenda omwewo anali atadya kale Thomas Downes, amene anawonjezeredwa zibakera pamwamba pa chifuwacho, koma imfa yake sitiionetsedwa, timangoimva m'kamwa mwa mkazi wake. Imfa ya Arthur, ngati sikelo ija ili pamwamba, imabwera ndi nyimbo yogwira mtima, iye atagona pa phiri nkhope italoza kotulukira dzuwa. Wosewera amachoka pamenepo akukhulupirira kuti kuvutika kwa wolakwa kwalipira ngongole. Komatu kudwala kwa wakupha sikudzutsa wophedwa, ndipo sikudyetsa ana ake. Mlandu suwola, ngakhale mwini mlandu atawola.

Njira yachinayi ndiyo inandikumbutsa kwathu. M'tauni ya Rhodes, Arthur anakumana ndi nkhalamba yoledzera yotchedwa Jeremiah Compson, imene inamupempha kuti akaitengere katundu wake m'nyumba imene inalandidwa. Pakati pa katunduyo panali buku losonyeza kuti Compson anali wosaka akapolo othawa. Arthur ananyansidwa, naponya bukulo pamoto, ndipo wosewera akasankha kuombera nkhalambayo ulemu wake umakwera. Palibe munthu wanzeru amene angalirire wosaka akapolo. Koma funsani kuti Compson akuchita ntchito yanji m'nkhaniyi. Iye anaikidwamo kuti pambali pake wotolera ngongole za katapila aoneke woyera. Ndi nzeru yakale imeneyi: ukafuna kuti fisi aoneke wofatsa, muimike pafupi ndi ng'ona.

Nzeru imeneyi ndikuidziwa bwino chifukwa ineyo ndinaigwiritsapo ntchito, choko chili m'manja. M'chaka chimene nkhani ya Arthur inaikidwamo, 1899, linga la Fort Lister linali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Linamangidwa mu 1893 pa ulamuliro wa Harry Johnston, amene anali bwanamkubwa woyamba wa Angerezi m'dziko muno, ndipo linatchedwa dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje unali njira imene amalonda ankadutsitsamo minyanga ndi akapolo popita kunyanja yamchere cha ku Quelimane. Johnston anaika asilikali pamenepo, ena mwa iwo Asikh ochokera ku India, kuti atseke njirayo, ndipo mu 1895 anagonjetsa mfumu Matipwiri imene inkachita nawo malondawo. Izi ndi zoona, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati lingalo silinapulumutse anthu. Analipo amayi ndi ana amene akanafera m'goli panjira kapena kugulitsidwa kutsidya la nyanja, koma anakalambira kwawo chifukwa mpatawo unatsekedwa.

Umu ndimo ndinkaphunzitsira, ndipo ndinkalekera pomwepa. Ndinkaimika ana pa mabwinjawo, n'kuwauza za kuipa kwa ogula anthu, iwo n'kuwomba m'manja chifukwa cha Johnston. Chimene sindinkanena n'chakuti mfuti zomwezo zimene zinatseka njira ya akapolo ndizo zinatsegula njira ya msonkho wa nyumba. Sindinkanena kuti boma la Johnston linkalandira mapaundi 10,000 pachaka kuchokera ku kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Sindinkanena kuti kuyambira 1892 Johnston ankapereka zikalata zotsimikizira Azungu umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, malo amene pambuyo pake anthu ankalipira pogwira thangata. Ambiri mwa ogwira thangatawo anali Alomwe, makolo a ochuluka a ife a ku Phalombe, amene anathawa nkhanza za ku Mozambique n'kudzapeza zina kuno. Olephera kukhoma msonkho ankawatenthera nyumba, ndipo nthawi zina akazi awo ankagwidwa mpaka amuna atalipira. Ogula akapolo anali Compson wa phunziro langa, ndipo powaloza chala ndinkayeretsa wokhometsa msonkho.

Pa Fort Lister pali manda a Gilbert Stevenson, mkulu wa boma amene anamwalirira pomwepo mu 1896. Iye anali mbale wa Robert Louis Stevenson, mlembi amene mu 1886 anatulutsa nkhani yotchuka ya Jekyll ndi Hyde, ya munthu mmodzi wa mitima iwiri. Alendo akafika pa lingapo amafunafuna manda amenewa, popeza ali ndi dzina ndi mbiri. Nanga anthu amene anadutsa mu mpatawo atamangidwa m'khosi, maina awo ali kuti? Nanga mayi amene nyumba yake inapsa chifukwa cha mashilingi a msonkho, manda ake ali pati? Wokhala ndi kabuku ndiye timamlira, m'mbiri ngati mu gemu momwe. Harry Johnston analemba buku lake, British Central Africa, limene linatuluka mu 1897, ndipo kwa zaka zambiri tinkaona dziko lathu kudzera m'maso mwake monga mdzukulu wanga anaonera America kudzera m'maso mwa Arthur.

Tsopano ndiyankhe otsutsana nane, amene ali magulu atatu. Oyamba akuti: “Aphunzitsi, awa ndi masewero chabe, musawasandutse mlandu.” Ndikuti ayi. Chimene chimaliritsa mnyamata wa zaka makumi awiri sichingakhale masewero chabe. Nthano za pamoto nazo zinali zosangalatsa, koma makolo ankadziwa kuti m'menemo ndimo mwana amaphunzirira kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Mdzukulu wanga anathera nthawi yochuluka pa nkhani ya Arthur kuposa imene anatherapo pa buku lililonse la mayeso a Fomu 4. Mphunzitsi amene wakhala ndi mwana nthawi yaitali chotere ayenera kufunsidwa zimene waphunzitsa.

Achiwiri akuti nkhaniyo yokha imadziwa kuti Arthur ndi woipa: iye mwini amavomera kangapo kuti si munthu wabwino, ndipo Edith Downes amamlandira mwaukali ngakhale amubweretsere ndalama. Apa ndivomereze kuti ali ndi mfundo. Zigawo za Edith ndizo zolemekezeka koposa m'nkhani yonse, chifukwa m'menemo wolakwiridwa amaloledwa kulankhula, ndipo timaona kumene ngongole ija inafikitsa banjalo: mayi akudzigulitsa m'tauni ya migodi ya Annesburg, mwana akuzunzika mu mgodi wa malasha. Koma zigawozi ndi zochepa pakati pa nkhani yaitali, ndipo ngakhale m'menemo sikelo ija imakwera pamene Arthur wapereka ndalama, kaya Edith wakhululuka kaya sanakhululuke. Mayiyo akukana, makina akuvomera, ndipo wosewera amamvera makina. Kwathu kuno chipepeso chimatha pamene wolakwiridwa wachilandira. Wopepesa sadzilembera yekha malikisi. Ndiponso munthu amene amati “ndine woipa” ndi mawu achisoni nthawi zambiri amatikopa kuposa wodzitama, ndipo alembi a nkhaniyi ankadziwa zimenezo.

Achitatu ndi amsinkhu wanga, amene akuti makinawa angotenthedwa basi. Awanso ndikuwakana. Kuletsa chinthu sikuphunzitsa mwana kuganiza. Ife tinakula m'nthawi imene mabuku ankaletsedwa m'dziko muno, makamaka kuyambira pamene lamulo lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, koma kuletsako sikunatisandutse oweruza abwino a nkhani. Tinkangomeza zimene zaloledwa. Komanso chinyengo chimene ndikunenachi sichinabwere ndi magetsi. Ine ndinachichita ndi choko pa bolodi, popanda kanema.

Wina angafunse kuti chigawenga chopeka cha ku America chikutikhudza bwanji ife. Chikutikhudza chifukwa sikelo yomweyi ili pakati pathu. Timamuona munthu amene wadya ndalama za mankhwala a m'chipatala akubwera pa maliro ndi bokosi lokongola ndi matumba a ufa, ndipo anamfedwa amamuthokoza, osadziwa kuti mwina malirowo anadza chifukwa cha kusowa kwa mankhwala omwewo. Timamva anthu akuti: “Anaba inde, koma anatimangira mlatho.” Timamva pa maliro a wankhanza kuti anavutika kwambiri masiku ake omaliza, tsono tisakumbe zakale. Mtundu umene wazolowera masamu oterewa umagulika ndi moni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwana amene sanaphunzire kung'amba mkuyu pa nkhani yopeka sadzaung'amba pa tsiku la chisankho.

Kodi ndiye kuti munthu sangasinthe? Angathe ndithu, ndipo kusintha kwa Arthur sindikukutenga ngati kwachabe. Anachita bwino kupirikitsa Strauss, anachita bwino kupulumutsa John Marston. Momwemonso Johnston anachita bwino kutseka mpata wa akapolo. Zimenezi zilembedwe, ndipo zisafufutidwe. Koma pambali pake palembedwenso Thomas Downes, mitembo ya ku Strawberry, nyumba zopsa ndi thangata, ndipo pasapezeke wina wojambula mzere pansi kuti achotsere izi ku izo ndi kutipatsa yankho limodzi. Munthu wokhwima nzeru ndi amene amatha kunyamula zonse ziwiri popanda kugwetsa chimodzi. Nkhani yabwino ya munthu wa mitima iwiri imasiya wowerenga ali ndi mtolo umenewu pamutu. Nkhani ya Arthur imatula mtolowo msanga, chifukwa amalonda amadziwa kuti wogula amene wasenzetsedwa katundu wolemera sabweranso ku sitolo.

Kwa inu ophunzira amene mukuwerenga chimangirizochi, sindikukuuzani kuti musiye magemu. Ndikukupemphani kuti mupite nawo mafunso omwewo amene mumafunsa pa nthano, pa sewero ndi pa ndakatulo. Ndikuona nkhaniyi ndi maso a yani? Ndani wapatsidwa dzina, ndipo ndani wamanidwa? Woipitsitsa uyu waikidwa pano kuti ayeretse yani? Amene akunena kuti mlandu watha ndi wolakwiridwa kapena ndi wina? Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, musanyoze nkhani zimene ana akubwera nazo kuchokera pa kanema ndi pa lamya. Zilowetseni m'kalasi, muzisende pamodzi nawo monga timasendera nthano. Ndipo mukapita nawo ku malo a mbiri yakale, musabwereze kulakwa kwanga kolekera nkhani pakati.

Pa tchuthi cha Pasaka mu 2024 mdzukulu wanga uja anabwera kumudzi, ndipo tinakwera limodzi kupita ku Fort Lister. Ndinamuonetsa zotsalira za makoma ndi manda a Stevenson, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafotokoza nkhani yonse, ya goli ndi ya msonkho yomwe. Iye anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kumunsi kwa mpatawo, kenaka anafunsa kuti: “Nanga agogo, Johnston anali munthu wabwino kapena woipa?” Ndinamuuza kuti funso limenelo akafunse kaye mdzukulu wa mayi amene anapulumuka ku goli, kenaka akafunse mdzukulu wa mayi amene anatentheredwa nyumba, ndipo asadabwe akapeza kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Sanakhutire ndi yankho langa, ndipo tinatsika phiri tikukanganabe. Pa ana onse amene ndinapita nawo pa malo amenewa, iye ndi woyamba kubwerako osawomba m'manja, ndipo ndikuganiza kuti ndi yekhayo amene ndinamuphunzitsa bwino.